Ndikufuna kudzajambula mapulani a nyumba

Funso: Bambo, ndili Giredi 11 kuno ku Chongwe. Ndimasirira nyumba zikumangidwa ku Silverest. Ndiyambire pati kuti ndidzakhale akitekiti?

Yankho: Mwanawe, limbikira masamu, fizikisi ndi Chingelezi, chifukwa luso lojambula palokha silikwanira. Ukakhoza bwino Giredi 12, funsira malo ku Copperbelt University ku Kitwe. Digiri yojambula mapulani a nyumba imatenga zaka 5, ndipo pa ntchito za mu situdiyo nthawi zambiri mumachezera usiku.

Ukamaliza, uyambe wagwira ntchito pansi pa akitekiti wovomerezeka, kenako ulembe mayeso a Zambia Institute of Architects kuti ulembetsedwe m'kaundula. Usanalembetsedwe, lamulo silikulola kudzitcha akitekiti.

Pa tchuthi, pempha amisiri omanga kuti uzikaona momwe amakumbira maziko ndi kuwerengera pulani.