Phunziro 12: Mau a m'mbandakuca

Abale ophunzira, mawa mudzuke tambala woyamba atangolira, muime pakhomo ndi kuchera khutu. Kuno ku Lichinga, kumtunda kwa mamita oposa 1,300, m'mawa mumazizira, koma pirirani pang'ono, pakuti pali zambiri zoti mumve.

1. Poyamba mudzamva fisi akulira kotsiriza pobwerera kudzenje kwake. Kumene kukali nkhalango, nang'omba amayamba kubuula kusanayere, ngati ng'oma ya kutali. Mau ake amamveka ngakhale pa mtunda wa makilomita awiri. Pambuyo pake nkhwali zimalira m'mbali mwa munda, kenaka pumbwa ndi njiwa. Mukatsikira kunyanja ku Metangula, mudzamvanso nkhwazi.

2. Nanga mbalame zimaimbiranji nthawi imeneyi? Mdima umakhala usanathe, motero sizingathe kuona cakudya. Mphepo imakhala itadekha, ndipo mau amapita patali. Tsono yamphongo imaimba kuti zinzake zidziwe kuti malowo ali ndi mwini, ndiponso kuti iitane yaikazi. Ndico cifukwa cake nyimbo zimacuruka mvula ikayandikira, pamene mbalame zambiri zimamanga zisa.

3. Dzuwa likatuluka, pali mbalame ina imene imalankhula ndi munthu. Ndiyo nsadzu, imene Ayao amaichula kuti sego. M'nkhalango yotetezedwa ya Niassa, kumene umadutsa mtsinje wa Lugenda, ofula uci amaiitana ndi mau akuti "brrr-hm". Iyo imabwera ikulira, niuluka mtengo ndi mtengo kufikira pamene pali njuci. Munthu amatenga uci, nasiyira mbalame phula. M'caka ca 2016, Claire Spottiswoode ndi anzake anaonetsa kuti pa maulendo 100 alionse, oitana ndi mau amenewa anapeza njuci maulendo 54, pamene ndi mau ena anazipeza maulendo 17 okha. Onani tsono: mbalame ya m'thengo, yosawetedwa ndi munthu, imazindikira mau a munthu.

4. Koma mau onsewa angathe kutha. Nang'omba amaikira mazira m'phanga la mtengo waukulu, ndipo amalera mwana mmodzi yekha pa zaka zingapo. Mukadula mtengowo kuti muoche makala, aikira kuti? Iye akacoka, ndani adzakudyerani njoka ndi ziwala? Nkhwali ndi nkhanga zimabisala mu udzu. Moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala umazisiya pambalambanda. Mitengo yamaphanga ikatha, njuci zimasamuka, ndipo nsadzu imasowa kotitsogolera. Mudzi umene m'mawa mwake mumamveka tambala yekha ndiwo mudzi umene wayamba kusauka, ngakhale eni ake asanazindikire.

Kumbukirani: munapeza mbalamezi zikuimba, muzisiyire ana anu zikuimbabe.

Mafunso

(a) Chulani zifukwa ziwiri zimene mbalame zimaimbira m'mbandakuca.
(b) Kodi nsadzu imalandira ciani kwa wofula uci?
(c) Cifukwa ninji mtengo waukulu suyenera kudulidwa wamba?

Zocita

Sabata lino muwerenge mau amene mudzamva kusanace. Kenaka mufunse agogo anu kuti akuchulireni mbalame zimene ankazimva ali ana, zimene lero sizimvekanso. Mudzatiuze tikadzakumananso.