Kupeza Nsonga ndi Cigwa pa Girafu

Alimi anzathu, m'phunziro ili tiona mmene tingapezere malo okwera koposa ndi otsika koposa pa cithunzi ca mzere cimene ku sukulu amati girafu.

Tengani pepala. M'munsi mwace lembani miyezi, kuyambira Epulo kufikira Malici. Kumanzere lembani mitengo ya cimanga, yaing'ono pansi, yaikuru pamwamba. Mwezi uli wonse ikani kadontho pa mtengo umene mwaupeza pamsika, ndipo lumikizani timadonthoto. Mzere wace udzafanana ndi njira ya m'mapiri.

Pamene mzere uleka kukwera nuyamba kutsika, pamenepo ndi pansonga. Pamene uleka kutsika nuyamba kukwera, ndi pacigwa. Popeza maso anyenga, gonekani rula pamwamba pa pepala, muitsitse pang'onopang'ono osaipendeketsa. Pamene iyamba kukhudza mzere ndi pansonga yoposa zonse. Kucokera apo tsikani molunjika muwerenge mwezi, ndipo pitani kumanzere muwerenge mtengo. Pofuna cigwa, rula iyambire pansi.

Zaka zambiri cigwa cipezeka m'masika, Meyi kapena Juni, pamene yense ali naco cimanga, ndipo nsonga ifika Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zitapepuka. Munthu wogulitsa conse atangokolola agulitsira m'cigwa, nadzagulanso pansonga ana akulira njala. Sitinena kuti musagulitse konse, pakuti mwini ngongole sadikira, ndiponso anankafumbwe adya gawo lao pa cimanga cosungidwa mosasamala. Koma yambani mwapatula ca banja, cotsala mugulitse mutayang'ana mzere wanu.

Cenjerani ndi tinsonga tating'ono. Mtengo ungakwere mwezi umodzi cifukwa mlatho wakokoloka, nutsikanso mseu utakonzedwa. Ako ndi kaculu cabe, si phiri ai. Musakakhulupirire musanaone pepala lonse.

Girafu ya madzi a m'Nyanja ya Malawi ionetsa bwino zimenezi. Caka ciri conse ciri ndi nsonga yace ca m'Epulo kapena Meyi, mvula yaikuru itapita kale, popeza mitsinje ikali kuthira. Cigwa cace cifika ca m'Novembala kapena Disembala. Koma tikalumikiza zaka zambiri pa pepala limodzi, tiona cigwa cina cozama kuposa zigwa za caka ndi caka: pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwakuti madzi ace analeka kutulukira mu Shire.