Dziwani mota musanagwire laputopu

Ana anga a ku Mitundu, Nathenje ndi midzi ya m'mphepete mwa Dzalanyama amene mwasankha ntchito ya magetsi, tcherani khutu. Ambiri mukangomva za PLC mumathamangira laputopu kuti mulembe pulogalamu tsiku lomwelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

PLC ndi kakompyuta kolimba kokhala m'bokosi la magetsi. Kamamvera mabatani ndi masensa, n'kumalamula makina kuti ayake kapena azime. Nkhani yake inayamba ku America mu 1968, kampani ya General Motors itatopa ndi makabati odzaza ma relay, ndipo Dick Morley ndi anzake anapanga PLC yotchedwa Modicon 084. N'chifukwa chake mpaka lero pulogalamu ya PLC yotchedwa ladder imajambulidwa ngati mawaya a ma relay. Amene sanalumikizepo contactor ndi manja ake sangaimvetse bwino.

Ntchito ilipo kwathu konkuno. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama, madzi ake amasungidwa ku Kamuzu Dam ku Malingunde, ndipo mapampu a Lilongwe Water Board ndiwo amawakankhira m'mathanki a mumzinda. Onjezani zigayo za pa Mitundu ndi mapampu othirira kudimba. Zonsezi zimayendera mota, choncho yambirani pa motayo.

Mota ya three phase ya 400V ikamadzuka molunjika imakoka magetsi ochuluka kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri kuposa ikamayenda. Ndicho chifukwa mota zazikulu timazidzutsa ndi star-delta kapena VFD. PLC siinyamula mota. Imangokoka koyilo ya contactor. Woteteza mota ndi overload, ndipo muziitchera molingana ndi ma amp olembedwa pa kachitsulo ka motayo, osati mongoganizira. Contactor ya star ndi ya delta muzizitsekereza ndi waya kuti zisalowe pamodzi, ngakhale mutazitsekereza kale mu pulogalamu.

Batani lofiira lozimitsira pangozi lisadalire pulogalamu. Lidule koyilo mwachindunji, ndipo lilumikizidwe moti waya wake ukaduka makina aziima okha. Pulogalamu imatha kusokonekera, koma dzanja la munthu likadulidwa silimeranso.

Lembani pulogalamu yodziwa magetsi a kwathu. Amazima, n'kubwera mosachenjeza. Akabwera, mota ya chigayo isadzuke yokha, pakuti mwina wogayitsa ali pa lamba. Idikire munthu adine batani. Nthawi zina feizi imodzi imathawa, mota n'kumangolira uku ikupsa. Ikani relay yoona mafeizi onse atatu. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kukulungitsa mota. Pampu nayo isapope chitsime chouma. Ipatseni sensa ya madzi, makamaka mu Okutobala madzi akatsika.

Tsono za kulumikiza makina kuti azilankhulana. Njira ya Modbus inatuluka mu 1979 ndipo mudzaipezabe pa ma VFD ndi mamita a magetsi ambiri. Pa waya wa RS-485 uthenga umatha kuyenda mamita pafupifupi 1,200, koma chipangizo chilichonse chikhale ndi nambala yakeyake, ndipo liwiro la uthenga lifanane pa zonse. Wayayo musamuyendetse mumpaipi umodzi ndi mawaya a mota. Kenako dzifunseni: uthenga ukaduka, mota idzatani? Yankho mulilembe mu pulogalamu, mukatero muzule wayayo dala kuti muone ndi maso. Dzinja la kuno ndi la ziphaliwali, choncho earth yanu ikhale yoyezedwa. PLC musaiike pa intaneti ili ndi pasiwedi yomwe inabwera nayo kufakitale.

Chomaliza ndi khalidwe. Lembani nambala pa waya uliwonse, siyani chojambula m'chitseko cha bokosi, ndipo mwini makina mum'patse kope la pulogalamu. Ndaonapo pampu itaima kwa nthawi yaitali chifukwa mmisiri anakhoma pulogalamu n'kupita ku Joni. Kumeneko si kuchenjera, n'kuzunza mudzi.

Kaya muli ku Bunda, ku Lilongwe Technical College kapena mukuphunzira pamanja pa mmisiri, pemphani kuti muyambe mwamanga starter yopanda PLC. Ikayenda bwino, ndiye tsegulani laputopu. Ndipo musanagwire waya uliwonse, zimitsani, khomani loko, yezani.