Boma Likafuna Malo Athu: Mafunso ndi Mayankho

Kodi boma lili ndi mphamvu yotenga munda umene munthu anasiyiridwa ndi makolo ake?

Lili nayo ndithu, pakuti lamulo la malo la 1995 linaika nthaka yonse ya Zambia m'manja mwa Pulezidenti kuti aisungire anthu, ndipo lamulo lina, la 1970, limamulola kutenga malo akafunika pa ntchito yothandiza dziko, monga msewu, njanji kapena chipatala. Komatu mphamvuyo si ya Ahabu pa munda wamphesa wa Naboti, chifukwa ndime 16 ya malamulo aakulu a dziko ikuletsa kulanda chuma cha munthu popanda chipukuta misozi chokwanira.

Nanga mikangano imabuka pati?

Imabuka tsiku lowerengera mtengo. Owerengera aboma akafika pakhomo ndi tepi ndi kabuku, amalemba zooneka ndi maso: nyumba ya njerwa kapena ya udzu, nkhokwe, khola, chitsime, mitengo ya mango ndi mbewu zili m'munda, koma tsala limene mwini wake analigoneka kuti nthaka ipume, dimba limene limadyetsa banja m'chilimwe, ndi manda amene mwagona azigogo, zonsezi, ngakhale ndizo moyo wa mudzi, zimavuta kuzisandutsa makwacha. Kuno ku Kaumbwe, monga m'madera ambiri a Petauke ndi Nyimba, malo ali pansi pa mafumu, ndipo ambiri alibe pepala la umwini, kotero kuti wokhala ndi pepala amalipiridwa mtengo wa malo, pamene wa kumudzi kawirikawiri amalipiridwa zimene anamanga ndi kubzala, n'kuuzidwa kuti mfumu imupezere pena. Ine ndiona kuti apa mpamene chilungamo chimapunduka, makamaka kwa amayi amasiye, amene dzina lawo limasowa pa mndandanda pamene mlamu walembetsa lake. Ndalama zikachedwanso zaka, zimafika mtengo wa malata ndi simenti utakwera kale.

Bwanji akuluakulu amanjenjemera akaona zikhomo za oyeza malo?

Chifukwa anamva kwa makolo awo za kampani ya North Charterland, imene inagwira dziko lalikulu la kuno kummawa. Anthu anakankhidwira m'malo opatulidwa kumene anapanikizana mpaka nthaka inaguga, kufikira boma la atsamunda linagula malowo mu 1941 ndi kuyamba kubwezerako midzi. Mlandu suwola, ndipo mantha awowo sitiyenera kuwaseka.

Omanga m'mbali mwa msewu waukulu amalipidwa?

Msewu wa Great East, umene unakonzedwanso kuchokera pa mlatho wa Luangwa kudzera ku Nyimba ndi Petauke mpaka ku Mwami, uli ndi malire ake m'mbali zonse, osungidwa ndi bungwe la misewu la RDA. Womanga golosale m'kati mwa malirewo asayembekezere zambiri.

Munthu wosakhutira achite chiyani?

Asasaine pepala limene sanalimvetse, ndipo apemphe kuti limasuliridwe m'Chinsenga kapena m'Chinyanja pamaso pa mfumu ya mudzi ndi mboni. Asunge kope la zonse zimene zalembedwa, ajambule nyumba ndi mitengo ndi foni zisanagwetsedwe, pakuti zikagwa umboni wagwa nazo. Akatero akadandaule kwa mfumu yaikulu, kaya Kalindawalo, Mwanjawanthu kapena Ndake, ndi kwa khonsolo. Zikakanika, khoti lalikulu lilipo, ndiponso bwalo la milandu ya malo lotchedwa Lands Tribunal.

Tikonzekere liti, popeza palibe amene wabwera?

Tsopano lino. Mgwirizano womanga njanji yochokera ku Chipata kudzera ku Petauke mpaka ku Serenje unasainidwa mu 2016, ndipo ngakhale ntchitoyo yachedwa, tsiku limene idzayambike idzadutsa m'minda ya anthu. Ku dera la Mfumu Sandwe, bungwe la Petauke District Land Alliance linathandiza mabanja kuyeza minda yawo ndi kulandira zikalata zosainidwa ndi mfumu. Midzi ya ku Kaumbwe ipemphe mafumu ake zofananazo, ndipo pa chikalata chilichonse dzina la mkazi lilembedwe pamodzi ndi la mwamuna.