SHUGA WA M'MITENGO NDI MATENDA A MALALANJE

Mtengo uli wonse upanga shuga m'masamba ace pamene dzuwa liwala. Shugayo atsika m'timisempha ta pansi pa khungwa kukadyetsa mizu, mphukira ndi zipatso. Koma tizirombo tina tosaoneka ndi maso, tochedwa mabakiteriya, tidyanso cakudya comweco.

Ku America, kumene alima maapulo ambiri, akatswiri anapeza kuti timadzi ta m'maluwa tikakhala ndi shuga wocuruka, tizirombo ta nthenda ya fire blight sitingathe kuswana bwino. Mvula kapena mame zikasungunula timadzito, tiswana msanga ndi kulowa mumtengo, ndipo nthambi ziuma monga zopserera ndi moto.

M'madimba a ku Chipata maapulo ndi owerengeka. Nkhawa iri pa malalanje, mandimu ndi manachesi. Nthenda yao yoopsa ndiyo greening, imene inaoneka ku South Africa m'zaka za m'ma 1920, ndipo ipezekanso ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Ikonda maiko okwera ndi ozizirirako, osati zigwa zotentha monga ca Luangwa.

Tizirombo tace tikhala m'timisempha tomwe tija ndi kutitseka. Cakudya ciunjikana m'masamba, pamene mizu ikufa ndi njala. Poyamba nthambi imodzi isanduka yacikasu, masamba ace acita mawangamawanga. Zipatso zikhala zazing'ono, zokhota, zowawa, zosapsa kunsi kwace, ndipo zambiri ziyoyoka. Mlimi aganiza kuti nthaka yaguga, nathira fetereza, koma ndarama zace zipita pacabe cifukwa njira ya cakudya yatsekeka.

Cofalitsa nthendayi ndi kacirombo kakang'ono kouluka kamene kaikira mazira pa mphukira zanthete. Ana ace akhala m'timaenje kunsi kwa tsamba, ndipo pamwamba pace patuluka timatuza. Mwini dimba ayenera kutembenuza masamba atsopano ndi kuyang'anitsitsa, makamaka mitengo ikamaphuka.

Mankhwala ociritsa mtengo wodwala palibe. Nthambi yodwala idulidwe, ndipo nthenda ikafalikira mtengo wonse uzulidwe, ngakhale nkowawa kuzula mtengo umene unaoka atate. Coopsa koposa ndico kugula mbande za m'mbali mwa mseu, kapena kuolotsa pa malire a Mwami timitengo tomezetsa tosadziwika gwero lace, pakuti kamtengo kangaoneke kabwino nthenda iri m'kati. Woona zizindikirozi atengere nthambiyo kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lace kapena ku Msekera.