Tisanagule Penti, Tiyambe Taona Chasisi

Tikamayenda m'tauni ya Nkhata Bay, kuchokera padoko kukwera kumtunda, sitilephera kuona galimoto zakale zitakhala kuseri kwa nyumba, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Zina ndi ma Land Rover amene kale ankayendera akuluakulu a boma ndi amishoni. Zina ndi ma Peugeot 404, ma Toyota Hilux ndi ma Land Cruiser amene anagwira ntchito ya matola mpaka kutopa. Eni ake amakana kuzigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha chifukwa amakhulupirira kuti tsiku lina zidzadzukanso. Ndipo zina zikhozadi kudzuka.

Patchuthi chapitachi ena mwa ife tinathandiza kukonza imodzi mwa galimoto zoterezi, Land Rover Series III ya amalume a mnzathu, imene inakhala pansi pa mtengo wa mango kwa zaka zingapo. Tsiku loyamba tinafika tikukangana za mtundu wa penti. Makaniko wachikulire amene amalumewo anamuitana sanalowerere mkanganowo. Anangotipatsa hamala yaing'ono ndi tochi, nati, "Ana anga, lowani pansipo mukamve zimene chitsulo chikunena." Phunziro lathu lachokera pa zimene tinapeza pansipo.

Chasisi N'chiyani?

Galimoto zambiri zimene tikukwera masiku ano, monga Sienta ndi Vitz, zilibe chasisi chapadera. Bodi yake ndi yomweyo imene imasenza zonse. Galimoto zakale zonyamula katundu zinapangidwa mosiyana. Pansi pake pali zitsulo ziwiri zazitali zoyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, zolumikizidwa ndi zina zopingasa, moti munthu akaziona amakumbukira makwerero. Chimenechi ndiye chasisi. Injini, giyabokosi, masipuling'i, chiwongolero, thanki ndi bodi, zonsezi zimamangidwa pa icho. Chikafooka, palibe chimene chimatsala pamalo pake.

Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam m'chaka cha 1948. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha kumene ndipo chitsulo chinali chosowa ku Britain, choncho bodi yake anaipanga ndi aluminiyamu. Mtundu wa Series III, umene tinakonza ife, unapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira ngati chitsulo, n'chifukwa chake galimoto zimenezi zimaoneka zolimba ngakhale zitakalamba. Koma chasisi chake n'chachitsulo chochindikala pafupifupi mamilimita 2 okha, chowotchereredwa ngati bokosi lalitali lamphako. Apa m'pamene pagona vuto. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dzimbiri la Kunyanja Kuno

Ena amaganiza kuti galimoto za kunyanja zimaola chifukwa cha mchere. Izi n'zoona ku Beira kapena ku Dar es Salaam, koma madzi a nyanja yathu alibe mchere wotere. Mdani wathu ndi matope ndi chinyontho. Dzimbiri limafuna zinthu ziwiri, madzi ndi mpweya. Ku Nkhata Bay mvula imagwa yambiri kuposa madera ambiri a dziko lino, ndipo imachedwa kusiya. Galimoto imene inkapita ku Usisya kapena kumidzi ya kumapiri inkalowetsa matope m'mphako za chasisi. Matopewo amatseka timabowo totulutsira madzi, amasunga chinyontho miyezi yambiri, ndipo chitsulo chimadyeka kuchokera m'kati. Pamene dzimbiri likuonekera kunja, nthawi zambiri limakhala litamaliza kale ntchito yake.

Pali chinanso. Aluminiyamu akagundana ndi chitsulo pamalo onyowa, aluminiyamuyo amayamba kusanduka ufa woyera. Tikaona ufa umenewu pozungulira mabawuti omangira bodi, tidziwe kuti pamenepo pakhala pakusungika madzi.

Komabe kukalamba pakokha sikupha chitsulo. Sitima ya Ilala imene imaima padoko lathu inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, n'kuyamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Ndi yakale kuposa Series III imene tinakonza ija, ndipo imakhala m'madzi usana ndi usiku. Yafika lero chifukwa nthawi ndi nthawi amaiimitsa ku Monkey Bay n'kuikonza. Galimoto ya pansi pa mango ija inasowa chisamaliro chotero.

Kuyeza Tisanawononge Ndalama

Choyamba ndi kutsuka. Tichotse matope onse ndi madzi, kenako tipale ndi bulashi ya waya. Tikatero tigogode chasisi chonse ndi hamala, pang'onopang'ono, osadumpha malo. Chitsulo chabwino chimalira mokweza ndipo hamala imadumpha. Chitsulo chodyeka chimalira ngati tagogoda thabwa lofumbwa, nthawi zina hamala imangolowa. Paliponse pokayikitsa tilembepo ndi choko.

Malo ofunika kuwaonetsetsa ndi awa: chitsulo chopingasa cha kumbuyo kwenikweni, timikono totuluka m'mbali timene timanyamula bodi ndi thanki, malo amene masipuling'i amakolekedwa, nsonga ziwiri za kutsogolo, ndi pamene bokosi la chiwongolero kapena zolumikizira zake zimamangidwa. Pagalimoto ya amalume ija hamala inaboola chopingasa cha kumbuyo ndi timikono tiwiri. Zitsulo ziwiri zazitali zija zinalira bwino, kupatula malo amodzi pafupi ndi sipuling'i ya kumbuyo.

Chachiwiri ndi kuona ngati chasisi chili chowongoka. Tiimike galimoto pamalo athyathyathya, makamaka pasimenti. Tisankhe malo ofanana mbali zonse ziwiri, monga mabawuti a masipuling'i. Tiyeze ndi tepi kuchokera kutsogolo kumanja kufika kumbuyo kumanzere, kenako kuchokera kutsogolo kumanzere kufika kumbuyo kumanja. Miyeso iwiriyi iyenera kufanana. Ikasiyana kupitirira mamilimita ochepa, ndiye kuti galimotoyo inagundapo kapena inapindika ndi katundu. Yotere imayenda cham'mbali ngati nkhanu ndipo imadya matayala.

Apa m'pamene tiyenera kulankhula chilungamo, ngakhale chiwawe. Ngati zitsulo ziwiri zazitali zadyeka m'malo ambiri, zigamba sizingathandize. Ndi bwino kufuna chasisi china kapena kuisiya galimotoyo kuti ipereke zipangizo kwa inzake.

Chitetezo Chathu Pogwira Ntchito

Tisanayatse makina owotcherera, tichotse batire ndi thanki ya mafuta, ndipo thankiyo tikaiike kutali. Pa Land Rover zambiri zakale thanki ili pansi pa mpando, pafupi kwambiri ndi timikono timene timafuna kuwotcherera. Thanki yopanda petulo ndi yoopsa kuposa yodzadza, chifukwa chimene chimaphulika ndi mpweya wa petulo wotsalira m'katimo. Tisunthenso mapaipi a mabuleki ndi mawaya. Ndowa ya mchenga ikhale pafupi, ndipo udzu wouma tiulambule.

Tisalowe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke. Njerwa nazo zimaphwanyika mosachenjeza. Tigwiritse ntchito miyendo yachitsulo yoimikira galimoto kapena zipika zikuluzikulu za mtengo wolimba, ndipo matayala otsala pansi tiwapinge. Pogwiritsa ntchito gilayinda tivale magalasi. Wowotcherera avale chigoba chake, osati magalasi a dzuwa a pamsika, ndipo ana obwera kudzaonerera tiwauze asayang'ane kuwalako.

Chigamba Chabwino ndi Chigamba Chonyenga

Njira yachidule imene timaiona kawirikawiri ndi yophimba bowo ndi kachitsulo, kuwotcherera pamwamba pa dzimbiri, n'kupaka penti wakuda. Ntchito yotere imatha tsiku limodzi ndipo imaoneka bwino. Koma dzimbiri limapitiriza kudya pansi pa chigambacho, ndipo madzi amapeza pobisala patsopano pakati pa zitsulo ziwirizo.

Njira yoyenera ndi yodula mbali yonse yodyeka mpaka tifike pachitsulo chowala ndi chochindikala bwino. Tisanadule, tichirikize chasisi mbali zonse ziwiri za malowo kuti chisagwe kapena kupindika. Chigamba chikhale cha chitsulo chatsopano, chochindikala mofanana ndi chakalecho, chodulidwa kuti chilowe ndendende m'bowomo. Malata, zitsulo za mawindo ndi zitsulo zomangira nyumba si zake. Chigamba chochindikala kwambiri nacho si chabwino. Chasisi chimapindika pang'ono galimoto ikamadutsa m'mabampu, ndiye malo ouma kwambiri amachititsa kuti mng'alu uyambire m'mphepete mwake.

Pa chifukwa chomwechi, ngodya za chigamba zikhale zozungulira, ndipo polumikiza chitsulo chachitali tisadule choimirira. Tidule mopendekera kuti mphamvu ya katundu igawike pamzere wautali. Wowotcherera asayende mzere wonse nthawi imodzi. Agwirize kaye m'malo angapo, kenako awotcherere pang'ono apa, pang'ono apo, akulola chitsulo kuzizira chokha. Kutentha kwambiri kumaboola chitsulo chopyapyala ndiponso kumachikhotetsa. Akamaliza tiyezenso ndi tepi monga poyamba.

Pali zinthu zimene sitiwotcherera konse: masipuling'i ndi zitsulo za chiwongolero. Zimenezi zinalimbitsidwa ndi moto kufakitale, ndipo moto wachiwiri umazifooketsa. Zikathyoka kapena kupindika, tisinthe. Ngati pakati pathu palibe amene anaphunzira bwino kuwotcherera, tichite tokha ntchito yotsuka, kuyeza ndi kudula zigamba, koma kuwotchererako tilipire mmisiri.

Zonse zikatha tipake penti woyamba woletsa dzimbiri, uja wofiira, kenako wakuda pamwamba. M'mphako tipopere mafuta okhuthala oteteza chitsulo, ndipo timabowo totulutsira madzi titsegule. Zotsalira za oyilo ndi penti tisazitaye m'ngalande, pakuti ngalande zonse za tauni ino zimathera m'nyanja momwe timamwa ndi kuphamo usipa.

Kusintha Chasisi: Malire Ali Pati?

Ntchito itafika pakati, amalume anabwera ndi maganizo. Ankafuna kuti titalikitse kumbuyo ndi kuwonjezera masipuling'i kuti galimoto izinyamula matumba ambiri a usipa ndi chinangwa popita ku Mzuzu. Makaniko uja anapukusa mutu. "Achimwene," anatero, "masipuling'i ndikhoza kuwonjezera lero lomwe. Nanga mabuleki awonjezera ndani?"

Funso limeneli ndi lofunika kulimvetsa. Kuwonjezera masipuling'i kumangochititsa kuti galimoto isaoneke kuti yalemedwa. Katunduyo amakhalabe pachasisi chomwecho, pama ekiselo omwewo ndi pamatayala omwewo. Masipuling'i ouma amatumizanso kugunda konse kwa msewu kumalo amene akolekedwa, ndipo ming'alu imayambira pamenepo. Kutalikitsa kumbuyo kumaika katundu kutali ndi matayala a kumbuyo, ndiye kutsogolo kumapepuka ndipo chiwongolero sichigwira bwino msewu. Kukweza galimoto m'mwamba kumaichititsa kuti isachedwe kugubuduka pokhota. Kuika injini yolemera kapena yamphamvu kuposa yakale kumafuna kuti tionenso zonse zoinyamula ndi zoiimitsa.

Tiganizire msewu wa pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay. Ndi wa makilomita osakwana 50, koma umatsika mamita oposa 700, ndipo ndi wokhotakhota. Potsika, mabuleki amasandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo katundu akachuluka kutenthako kumachulukanso. Series III ili ndi mabuleki a ng'oma m'matayala onse anayi, amene akatentha kwambiri amasiya kugwira. Ndipo tonse tikudziwa kuti kwathu kuno galimoto yonyamula matumba imanyamulanso eni matumbawo, amayi a geni ndi ana kumsana. Iwo sangalowe pansi ndi hamala asanakwere. Amangodalira kuti amene anagwira ntchito pamalo osaonekawo anaigwira bwino.

Sikuti kusintha kulikonse n'koipa. Tikhoza kuika chotchinga pansi pa injini, kukuza pang'ono timabowo ta madzi, kapena kumanga malo olimba okokerapo galimoto ikatitimira m'matope. Koma tisaboole pamwamba kapena pansi pa zitsulo ziwiri zazitali zija, chifukwa mbali zimenezi ndi zimene zimasenza kwambiri.

Tisaiwalenso lamulo. Chasisi chili ndi nambala yodindidwa pachitsulo, imene iyenera kugwirizana ndi ya m'mapepala a galimoto. Pa Land Rover zambiri zakale imapezeka kutsogolo kumanja, pafupi ndi pokolekera sipuling'i, malo amenenso amakonda kuchita dzimbiri. Tisaidule, tisaipale ndi gilayinda, tisaiphimbe ndi chigamba. Ngati tikufuna kusintha injini kapena chasisi chonse, tiyambe tafunsa ku ofesi ya Road Traffic ku Mzuzu, popeza galimoto yonyamula katundu kapena anthu imafuna COF isanalowe pamsewu.

Amalume anavomera, ngakhale monyinyirika. Pamene tinkabwerera kusukulu, chasisi chinali chitatha, chautali wake wakale, miyeso yake ikugwirizana. Bodi inali isanapakidwe, ndipo ndalama ya penti ija inapita ku mapaipi atsopano a mabuleki.

Mafunso Okambirana

1. N'chifukwa chiyani Land Rover yakale ikhoza kuoneka yabwino kunja pamene chasisi chake chatha? Fotokozani mmene matope amathandizira dzimbiri.

2. Mnzathu akufuna kugulitsa galimoto imene chasisi chake anachiphimba ndi zigamba pamwamba pa dzimbiri. Wogula sanafunse za pansi. Tingamulangize zotani?

3. Mwini galimoto akuumirira kuti titalikitse chasisi ndipo walonjeza malipiro abwino. Tingamufotokozere bwanji kuopsa kwake m'mawu amene iye angamve?

Zochita Sabata Ino

M'magulu a anthu atatu, tipemphe chilolezo kwa mwini pikapu kapena Land Rover yakale ya pafupi nafe. Injini itazimitsidwa ndipo matayala atapingidwa, tijambule chasisi chake papepala, tiyeze miyeso iwiri yopingasa ija, ndipo tilembe malo onse amene hamala yatikayikitsa. Zimene tapeza tikamuonetse mwini wakeyo, kenako tidzabwere nazo pokumana kwathu kotsatira.