KODI "CONSUL" ANKAGWIRA NTCHITO YANJI? TIYENI TIKAONE KU PERSIA

Anzanga, tikamawerenga History timakumana ndi liwu loti consul, ndipo ambirife timangolidumpha ngati dzina la munthu. Sabata ino pa bolodi pano ndikufuna tilisende liwuli bwinobwino. Chitsanzo changa ndi chigawo chimodzi cha dziko la Persia, lomwe kuyambira 1935 limatchedwa Iran. Chigawocho ndi Khuzestan, chimene nthawi imeneyo ankachitchula kuti Arabistan. Chili kumwera chakumadzulo kwa dzikolo, m'malire ndi Iraq, ndipo mtsinje wake waukulu ndi Karun.

Choyamba gwirani ichi: Persia sinakhalepo pansi pa mbendera ya Britain. Inali ndi mfumu yakeyake, Shah, ku likulu la Tehran. Komabe ku Khuzestan mawu a mzungu wa mu ofesi ya consul nthawi zambiri ankalemera kuposa kalata ya Shah. Zinatheka bwanji?

Makwerero a maudindo

Kazembe amakhala ku likulu n'kumakambirana ndi boma. Consul ndi wamng'ono kwa kazembe. Iye amakhala pa doko kapena m'tauni ya malonda kuti aziyang'anira anthu a dziko lake ndi katundu wawo.

Pamwamba panali kazembe wa Britain ku Tehran, yemwe ankamvera unduna woona za kunja ku London. Pansi pake panali Consul-General wa pa doko la Bushire. Mkuluyu analinso Political Resident wa nyanja ya Persian Gulf, ndipo pa udindo wachiwiriwu bwana wake linali boma la Angerezi la ku India. Mabwana awiri, munthu mmodzi! Pajatu mapanga awiri avumbwitsa, ndiye London ndi India akasemphana maganizo, mutu unkamuwawa ndi iyeyo. Kuyambira 1904 mpaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayandikira, pa mpandowu panali Percy Cox.

M'chigawo mwenimwenimo munali maofesi awiri ofunika. Ya ku Mohammerah, tauni imene lero ndi Khorramshahr, inatsegulidwa mu 1890, patangopita zaka ziwiri Shah ataloleza sitima za mayiko ena kuyenda pa Karun mu 1888. Kumtunda kwa mtsinjewo, ku Ahwaz, kunadzakhala vice-consul. Ambiri mwa anthu amene ankatumizidwa m'maofesi otere anali akuluakulu a asilikali ochokera ku India. Ankakhala ndi alembi ndi omasulira otchedwa munshi, komanso asilikali Achimwenye okwera pa akavalo owalondera.

Ntchito zawo

Yoyamba inali kuteteza nzika za Britain, kuphatikizapo amalonda a ku India, poti India inali m'manja mwa Britain. Ziphaso zoyendera, kalembera wa obadwa ndi omwalira, zonsezi zinkachitikira kwa consul.

Yachiwiri inali kuweruza milandu. Nzika ya Britain ikalakwa, sinkaima pa bwalo wamba la ku Persia. Nkhani yake inkadutsa kwa consul. Mkangano ukakhala pakati pa nzika ya Britain ndi mwini dziko, consul ankakumana ndi karguzar, nthumwi ya unduna woona za kunja wa Persia m'chigawomo. Mwayi umenewu unachokera m'mapangano amene Persia inasaina itagonja pa nkhondo, monga la Turkmenchay ndi Russia mu 1828, ndi la Paris ndi Britain mu 1857. Tangoganizani mlendo wakuberani mbuzi, koma womuweruza ndi m'bale wake. Mungamve bwanji?

Yachitatu inali malonda. Chaka ndi chaka consul ankalemba lipoti la katundu wolowa ndi wotuluka ndi sitima zimene zafika pa doko.

Yachinayi, imene sinkalembedwa pa chitseko, inali kukhala maso ndi makutu a boma lake. Consul ankalemba zochitika zonse: mfumu iti yayambana ndi iti, msonkho wavuta pati, Arasha kapena Ajeremani akutani. Zachangu ankatumiza pa telegalamu.

Yachisanu inali kupalana ubwenzi ndi mafumu a m'deralo. Apa ndiye pagona nkhani.

Mafuta atatulukira

Mu 1901 Shah anapatsa William Knox D'Arcy chilolezo cha zaka 60 chofufuza mafuta a pansi pa nthaka, ndipo Persia inkayenera kulandira 16 peresenti ya phindu. Koma pepala la ku Tehran silikanaletsa munthu wamfuti kumapiri. Enieni a mphamvu kumeneko anali mafumu a mtundu wa Bakhtiari, ndipo kunsi kwa mtsinje kunali Sheikh Khazal wa ku Mohammerah.

Ndiye ma consul analowererapo. Mu 1905 John Preece, Consul-General wa ku Isfahan, anathandiza okumba mafuta kupangana ndi mafumu a Bakhtiari kuti aziwapatsa alonda posinthana ndi ndalama ndi masheya. Mu 1907 msilikali wachinyamata, Arnold Wilson, anatumizidwa ndi kagulu ka asilikali kukalondera ofesi ya ku Ahwaz, koma ntchito yake yaikulu inali kuteteza okumbawo. Pa 26 May 1908 mafuta anatumphuka ku Masjed Soleyman. Wilson mwini wake anadzasimba kuti uthengawo anaubisa m'mavesi a m'Baibulo, lina mwa iwo Masalimo 104:15. Kaliwerengeni muone nzeru zake.

Mu 1909 kunabadwa kampani ya Anglo-Persian Oil Company. Chaka chomwecho Cox anakambirana ndi Sheikh Khazal kuti apereke malo pa chilumba cha Abadan omangapo fakitale yoyenga mafuta. Mapaipi otalika makilomita oposa 200 anayalidwa kuchokera ku zitsime. Mu 1914 boma la Britain linagula 51 peresenti ya masheya a kampaniyo kuti sitima zake zankhondo zipeze mafuta. Mwaona? Pa mapangano a Bakhtiari ndi Abadan, boma la ku Tehran analilambalala.

Mathero ake

Britain inalonjeza Sheikh Khazal kuti idzamuchirikiza. Koma Reza Khan atalimbitsa asilikali a boma, Britain inaona kuti mafuta ake angatetezeke bwino pogwirizana ndi Tehran. Mu 1925 Khazal anagwidwa n'kupita naye ku Tehran, komwe anamwalira mu 1936 asanabwerere kwawo. Akuluakulu sananame, mlendo ndi mame. Mu 1928 Reza, yemwe tsopano anali Shah, anathetsa zoti alendo aziweruzidwa kwa consul. Mu 1951 nduna yaikulu Mohammad Mosaddegh inaika mafuta m'manja mwa boma, ndipo mu January 1952 inatseketsa maofesi onse a consul a Britain, powanena kuti akulowerera nkhani za dziko la eni.

Nanga ifeyo zikutikhudza pati?

Tsegulani makope anu a History. David Livingstone anabwera ku Zambezi mu 1858 ali consul wa ku Quelimane. John Buchanan, amene analengeza mu 1889 kuti dera la kumapiri a Shire lili m'chitetezo cha Britain, ankagwirizira udindo wa consul. Harry Johnston mu 1891 anali Commissioner ndi Consul-General, ndipo naye anabweretsa asilikali a ku India. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno consul anasanduka wolamulira, pomwe ku Persia mbendera inakhalabe ya Shah ngakhale chuma chinkatuluka.

Choncho mukadzakumana ndi liwuli pa mayeso, musamangolemba kuti "woteteza nzika" basi. Dzifunseni: akumvera ndani, akuteteza chuma cha ndani, ndipo akupangana ndi mafumu ati?

Yesani mafunso awa musanalowe m'kalasi:
1. Tchulani ntchito zitatu za consul.
2. N'chifukwa chiyani Consul-General wa ku Bushire anali ndi mabwana awiri?
3. Kodi Sheikh Khazal akanatha kuchita mosiyana? Fotokozani maganizo anu.

Mayankho anu ponyani m'bokosi la History Club pofika Lachisanu. Abwino tidzawamata pompano.

Mnzanu wa Fomu 4